Ma 33 ndi lifiti ya mainchi atatu pa Prado 120: muyambe mwayeza kaye achimwene

Wina wandilembera funso ili: "Ndili ndi Toyota Prado 120 ya dizilo, ya otomatiki, ikuyendera matayala a 265/65R17 omwe inabwera nawo. Ndikalowa njira zoipa, zamiyala ndi zokumbika ndi madzi, imagunda pansi. Ndikufuna ndiike 285/70R17, aja amangoti ma 33, ndipo anzanga akuti ndikaikweza mainchi atatu matayalawo alowa bwinobwino osakwecha paliponse. Kodi ndi zoona zimenezi, nanga ndiyambire pati?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanagule kanthu, chifukwa ambiri amandipeza matayala atagula kale, lifiti, zokwezera galimoto zija, ataika kale, nde ntchito imangokhala yokonza zomwe zaonongeka basi. Zomwe akuuzani anzanuzo si zoona, olo kuti ndi zomwe pafupifupi aliyense amanena. Lifiti ya sasipenshoni siilowetsa tayala ayi. Imangosintha pomwe galimoto imakhala ikaima phee pamalo osalala. Tayala lakutsogolo limayenda chokwera ndi chotsika, ndipo likamakwera limakathera pomwe mkono wa sasipenshoni wagunda kamphira kaja amati bump stop. Mukaika masipiring'i ataliatali kamphirako sikasuntha, kali pompo pomwe a Toyota anakaika. Nde tsiku lomwe mwatsikira m'chigwembe chiwongolero mutakhotetsa mpaka kumapeto, katundu ali tho kumbuyo, tayala lija likwera mpaka kukafika pomwe likanafika lifiti kulibe, ndipo ngati ndi lalikulu kuposa malo ake likwecha basi. Chomwe lifiti imachita n'chakuti pa tala kukwechako simukumvanso, mumvekere zatheka, koma inu galimotoyi mukuikonzera kutchire komwe sasipenshoni imafinyika mpaka kumapeto kangapo pa ulendo umodzi.

Tiyeni tione manambala kaye, chifukwa anthu amagula matayala ndi maso. Pa 265/65R17, 265 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita, 65 akutanthauza kuti khoma la m'mbali kutalika kwake ndi 65 peresenti ya kufutukukako, 17 ndi rimu m'mainchi. Mukawerengera, khoma limakhala mamilimita 172, makoma awiri kuphatikiza rimu ya mamilimita 432 tayala lonse ndi mamilimita 776 kuchoka pansi kufika pamwamba. Ma 285/70R17 mukuwafunawo ndi mamilimita 831, m'mainchi ndi 32.7, sakwana nkomwe 33, dzina chabe. Kusiyana kwake ndi mamilimita 55, koma samalani apa, galimoto siikwera ndi 55 yonseyo, imakwera ndi theka lokha chifukwa chomwe chimaitukula ndi mtunda wochoka pakati pa tayala kufika pansi. Nde zonse zomwe ndikufotokozereni m'munsimu, kudula, kusintha marimu, mafuta, mabuleki, mukuzilowa pofuna mamilimita 27. Pali sayizi ina pakati, 265/70R17, yomwe ndi mamilimita 803, imakupatsani 13. Kusiyana kwa awiriwa pansi pa galimoto ndi mamilimita 14 basi, kuchepera chala chanu chachikulu mukachigoneka.

Sindikunyoza mamilimita amenewo, kutchire amathandiza ndithu, ndipo pali malo amodzi pomwe tayala lokha ndi lomwe lingakuthandizeni. Prado 120 kumbuyo ili ndi ekiselo yathunthu, difu, chibokosi cha magiya chogawa mphamvu ku matayala awiriwo, ili pakati pa ekiseloyo, ndipo masipiring'i amakhala pamwamba pake. Olo mutaikweza bwanji, difu yakumbuyo imatsala pomwe inali, imakwera pokhapokha tayala litakula. Kutsogolo ndi nkhani ina, kumeneko ndi IFS, tayala lililonse lili ndi mikono yakeyake ndipo difu inamangidwa ku chasisi, nde lifiti imaikwezadi limodzi ndi mimba yonse ya galimoto. N'chifukwa chake ndikufuna musanapite kulikonse mugone pansi pa galimoto ndi tochi muone pomwe pali mikwingwirima yatsopano. Ngati ndi chitsulo chotchinga injini kutsogolo, masitepe a m'mbali, thanki kapena kogwirira ngolo kumbuyo, vuto lanu likufuna lifiti yapang'ono, mwinanso masipiring'i anu angotopa. Paja Prado 120 inapangidwa kuyambira 2002 mpaka 2009, nde yanuyo yakwanitsa zaka zambirimbiri itasenza thupi lake pa masipiring'i omwewo, ambiri amakhala atakhala pansi ndi mamilimita 20 kapena kuposa mwini wake osadziwa. Koma ngati mikwingwirima ili pa mutu wa difu yakumbuyo, eya, pamenepo nkhani ndi ya tayala.

Tsono 285/70R17 pa galimoto imeneyi imakwecha malo odziwika bwino, sizochita kulosera. Poyamba imagwira kamphira kotchinga matope kumbuyo kwa tayala lakutsogolo ndi pulasitiki ya mkati mwa madigadi, izi n'zosavuta, kamphirako mumachotsa, pulasitikiyo mumaitenthetsa n'kuikankhira mkati. Chovuta ndi chitsulo chomwe chili kuseri kwa kamphirako, pomwe bodi imamangidwira ku chasisi, amati body mount. Mukakhota kwambiri, makamaka pobwerera m'mbuyo, phewa la tayala limakagunda pamenepo, ndipo njira yomwe anthu amatsata ndi kudula mbali ya chitsulocho n'kuwotcherera chitsulo china chophwatalala. Eni ake a Prado, FJ Cruiser ndi 4Runner amazichita zimenezi, zimatheka, koma kumbukirani kuti mukudula chasisi, ndipo wowotchererayo akhale wodziwadi ntchito komanso apake penti bwinobwino dzimbiri lisayambire pamenepo. Mkati namo muli nkhani. Rimu yomwe galimotoyi inabwera nayo ndi ya mainchi 7.5 m'lifupi, offset yake +30, kutanthauza kuti pomangira pake pali chakunja ndi mamilimita 30 kuchoka pakati pa rimu, nde tayala la 285 limafutukuka ndi mamilimita 10 mbali iliyonse ndipo khoma lake lamkati limayandikira kwambiri mkono wam'mwamba, mwina mpaka kukhudza. Nde munthu amati ndigule marimu a offset 0 kapena ndiike ma spacer, zitsulo zoika kuseri kwa rimu, kuti tayala lituluke kunja. Likatuluka ndi mamilimita 30 amenewo mkonowo limausiyadi, koma tsopano likamakhota limazungulira patali, nde ku body mount kuja limakwecha kuposa poyamba, ma bearing a tayala akusenza mopendekeka ndipo amatha msanga, chiwongolero chimakubwezerani m'manja mukagunda mwala, komanso matope ndi timiyala zimathothola penti m'mbali monse. Mwakonza apa, kwaonongeka uko.

Za mainchi atatuwo, omwe ndi pafupifupi mamilimita 75, ndikukuletsani ndi mtima wonse. Pa IFS ulendo wonse wa tayala, kuchoka pomwe lafinyikira mpaka pomwe lalendewerera, ndi wochepa kale ndipo lifiti siiwonjezera, imangosintha pomwe galimoto yakhala mkati mwa ulendowo. Mukaikweza ndi 75 mwadya pafupifupi malo onse omwe tayala limatsikira likapeza dzenje. Zotsatira zake galimoto imauma ngati ngolo, pa bampu iliyonse mumamva kuti gu! shock ikafika kumapeto, ndipo kutchire tayala limodzi limanyamuka m'mwamba msanga, lomwe ndi vuto lalikulu kuposa kugunda pansi chifukwa tayala lomwe lili m'malere silikoka kanthu. Ma CV, mfundo za ndodo zopititsa mphamvu ku matayala akutsogolo, nawo amakhala atapindika nthawi zonse, mphira zake zija zimakhulana zokhazokha mpaka kung'ambika, girisi n'kutayika, mchenga n'kulowa, ndipo poti Prado 120 imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, ma CV amenewo sapuma olo muli pa tala. Ball joint yam'mwamba, mfundo yolumikiza mkono ndi mbali yomwe yagwira tayala, imafika pothera pake, mkono umagunda sipiring'i, caster, kupendekera kumbuyo kwa mzere womwe tayala limakhoterapo, imachepa nde galimoto imayamba kuyendayenda mumsewu, chiwongolero osabwerera chokha mukamaliza kona. Inabwerapo ina kwa ine yotere, mwini wake anali atasintha mphira za CV kawiri m'miyezi yochepa akuganiza kuti akumugulitsa zabodza, koma titaikweza pa jeke tinapeza kuti tayala likungotsika pang'ono chabe ndipo ball joint ndi yomwe ikuligwira lonse. Ndinamva chisoni chifukwa munthuyo amanyamuliramo banja lake, ndipo ball joint ikathyoka muli pa liwiro tayala limapindikira pansi pa galimoto. Tinaitsitsa kufika pa mamilimita 50, mavuto onsewo anatha. Pa IFS ya mtundu umenewu mamilimita 40 mpaka 50 ndi pomwe zinthu zimagwirizana osasintha zambiri. Mukadutsa apo ndiye kuti mukufunika mikono yam'mwamba ina, kutsitsa difu yakutsogolo, zomwenso zikubwezerani pansi gawo la malo omwe mumafuna aja.

Lifiti nayonso ili mitundumitundu ndipo mitundu imeneyi siifanana nkomwe. Pali ija yongoika chitsulo kapena pulasitiki yolimba, nayonso amati spacer, pamwamba pa shock yakutsogolo. Anthu amaikonda poti ndi yachangu, koma dziwani kuti pa IFS shock imamangidwa chapakati pa mkono, nde spacer ya mamilimita 25 imakweza galimoto pafupifupi kawiri kuchuluka kwake, ambiri sadziwa izi, amagula yokhuthala n'kudabwa galimoto itayang'ana kumwamba. Choipa china, spacer imatalikitsa shock yonse, nde tayala limalendewera kupyola pomwe ma CV ndi ball joint anapangidwira, ndipo likafinyika shock ikhoza kufika kumapeto kamphira ka bump stop kasanagwire, shock n'kupindika. Sipiring'i yanu yotopa ija ikadali yotopa yomweyo. Pali body lift, yoika timiyala tapulasitiki pakati pa bodi ndi chasisi. Imeneyi, kunena chilungamo, ndi yokhayo yomwe imawonjezeradi malo a tayala m'mwamba olo sasipenshoni itafinyika, poti bodi yonse yakwera, koma pansi pa chasisi simupindula kanthu, body mount ija ili pompo chifukwa ndi ya ku chasisi, ndipo muyenera kusamalira ndodo ya chiwongolero, rediyeta ndi fani yake, mapaipi ndi mabampala. Ine pa galimoto yoyendera banja sindiikonda. Yomwe ndimalangiza ndi ya masipiring'i ndi ma shock opangidwira limodzi, ya makampani ngati Old Man Emu, Bilstein, Dobinsons kapena Ironman 4x4, onsewa ali ndi zopangira Prado 120.

Posankha masipiring'iwo ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, amangoti ndipatseni a heavy duty poganiza kuti olimba kwambiri ndiwo abwino. Masipiring'i amasankhidwa potengera katundu yemwe amakhala pa galimoto tsiku ndi tsiku. Ngati kutsogolo mulibe bampala yachitsulo ndi winchi, tengani apakati. Mukaika olimba pa galimoto yopanda kanthu ikwera kuposa zomwe zalembedwa pa bokosi, mupezeka muli pa 70 pomwe mumafuna 50, ndipo iuma koopsa. Kumbuyo chimodzimodzi, olimba ndi a munthu yemwe ali ndi madirowa, filiji, thanki yamadzi zomwe sizitsika. Ngati mukudziwa kuti bampala yachitsulo mudzaika chaka chamawa, bola muyambe bampalayo kenako masipiring'i, kusiyana n'kugula kawiri.

Kumbuyo kulibe mavuto ambiri pa 50, koma pali zoti muone. Ndodo ija yopingasa, panhard, imakokera ekiselo mbali imodzi galimoto ikakwera, pa 50 ndi pang'ono, kupitirira apo mufunika yosinthika. Chachikulu ndi paipi yamphira ya mabuleki ndi mawaya a ABS, ija yoletsa matayala kukwakwaza mukaponda buleki mwamphamvu, mukaika ma shock aatali kwezani galimoto ekiselo ilendewere yonse muone ngati paipiyo siikukokeka ngati chingwe cha gitala, ikakokeka sinthani muike yaitali, osanyengerera. Ndipo ma Prado 120 ena anabwera ndi matumba a mpweya kumbuyo m'malo mwa masipiring'i, ngati yanu ndi imeneyo muuze wogulitsayo musanagule chifukwa zida zake ndi zina.

Tsono tibwere ku zomwe sizioneka ndi maso, ndipo apa ndi pomwe mwambi uja umagwira, walira mvula walira matope. Tayala la 831 ndi lalikulu ndi 7 peresenti kuposa la 776. Ndiye kuti giya iliyonse yatalika ndi 7 peresenti. Tiyerekeze kuti madifu anu ndi 4.10, injini iziwamva ngati 3.83. Ponyamuka galimoto imalemera, pa mtunda giyabokosi ya otomatiki imangosinthasintha, kutsika kukwera kutsika kukwera, ndipo kusinthasintha kumeneko kumatenthetsa oyilo wa giyabokosi, chomwe chimapha ma otomatiki ambiri ndi kutentha. Ngati mumakoka ngolo ndiye nkhani imakula, muyenera kuika choziziritsira oyilo wa giyabokosi chowonjezera. Kutchire nako low range yanu, giya yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono ija, imathamanga ndi 7 peresenti yomweyo, potsika malo otsetsereka injini siigwira galimoto ngati kale, mumapezeka phazi lili pa buleki pomwe simumayenera kutero. Mankhwala ake enieni ndi kusintha magiya a m'madifu kupita ku 4.30 kapena 4.56, ndipo amasinthidwa onse awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, osati imodzi, ntchito yofuna makaniko wodziwa kutchera mano a difu. Pa 265/70R17 kusiyana ndi 3 peresenti ndi kakang'ono, injini ya dizilo imangozinyamula osadandaula.

Wotchi ya sipidi nayo iyamba kukunamizani. Pa 285/70R17 ngati inali yolondola ikamaonetsa 100 inu muli pa 107. Mawotchi ochokera ku fakitale nthawi zambiri amaonetsa mopitirira pang'ono, n'chifukwa chake pa 265/70R17 ambiri amapeza kuti wotchi yangofika pa chilungamo, koma musangokhulupirira, yesani ndi GPS ya pafoni pa msewu wowongoka. Makilomita nawo amawerengedwa mopelewera, mukayenda 100 wotchi ilemba 93, nde powerengera mafuta ndi nthawi yosintha oyilo muziwonjezera. Mafuta idzamwa ambiri ndithu, izi musakayike, tayala ndi lolemera, ndi lofutukuka, ndipo galimoto yokwera imalimbana ndi mphepo kwambiri.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi ndi mabuleki ndi kugubuduka. Buleki imagwira pafupi ndi pakati pa tayala pomwe msewu umakoka kunja kwake, nde tayala likakula ndi 7 peresenti mphamvu yomwe imafika pamsewu imatsika ndi mlingo womwewo pa kuponda komweko. Onjezani kulemera kwake, tayala la LT285/70R17 (LT ndi aja olimba opangidwira magalimoto onyamula katundu) likhoza kuposa lomwe muli nalolo ndi makilogalamu 7 kapena 8, limodzi limenelo, ndipo kulemera kumeneko kukuzungulira, mabuleki ayenera kukuimitsa, ma shock ayenera kukugwira pa bampu iliyonse. Galimoto siima pomwe inkaima kale. Ndiyeno lifiti ya 75 kuphatikiza 27 ya matayala mwakweza thupi lonse ndi masentimita 10, pa galimoto yomwe ndi yaitali kale, kenako pamwamba mwaika keriya, tenti, majerikeni. Tsiku lomwe mwana wadumphira mumsewu inu n'kukhotetsa mwadzidzidzi, masentimita amenewo ndi omwe amasiyanitsa galimoto yongopendekeka n'kubwerera ndi yogona chammbali. Chonde izi muziganizire mofatsa, chifukwa ulendo wa kutchire mbali yake yaikulu mumayenda pa tala ndi liwiro, anthu anu ali mkati.

Nde itakhala yanga ndingachite chonchi. Lifiti ya masipiring'i ndi ma shock ya mamilimita 50, matayala a 265/70R17 a all-terrain, oyenda pa tala ndi kutchire komwe, pa marimu omwe muli nawo kalewo. Sayizi imeneyi pa Prado 120 imalowa osadula chitsulo, ikavuta ndi kamphira ka matope kaja basi. Ngati mtima ukufunabe kutalika, yang'anani 255/75R17, ndi mamilimita 814, lalitali koma lopyapyala, silivutitsa mkono wam'mwamba, ndi lopepuka kuposa 285, ndipo m'matope tayala lopyapyala limadula n'kukapeza nthaka yolimba pansi. Vuto lake n'lakuti silipezeka paliponse, nde ganizirani tsiku lomwe mwang'amba limodzi muli kutali. Ndalama yomwe mukanaononga pa marimu ndi kudula muikire zitsulo zotchinga pansi, za injini, giyabokosi ndi transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa kugunda pansi sikutha olo mutaika ma 35, chofunika n'chakuti mukagunda chigunde chitsulo osati sampu ya oyilo wa injini. Gulaninso kompuresa ndi geji yabwino yoyezera mpweya. Kuchepetsa mpweya kumasintha galimoto kuposa sayizi ya tayala, pa mchenga mukatsitsa kufika pa 1.2 mpaka 1.5 bar phazi la tayala limatalika, galimoto imayandama, pa miyala tayala limakumbatira mwala m'malo modumpha. Koma muziyenda pang'onopang'ono, osakhota mwamphamvu tayala lingavuke pa rimu, ndipo mupope musanabwerere pa tala chifukwa tayala lopanda mpweya wokwanira pa liwiro limatentha n'kuphulika.

Pogula matayalawo, mud-terrain, aja a m'matope, amaoneka bwino koma ngati masiku ambiri muli pa tala akusokosani, amatha msanga ndipo pa tala yonyowa sagwira ngati all-terrain. Onani nambala ya katundu pakhoma, isachepere yomwe yalembedwa pa kapepala ka pachitseko cha dalaivala, 112 ndi makilogalamu 1120 pa tayala limodzi, 121 ndi 1450. A LT makoma ake ndi olimba, miyala yakuthwa siyawang'amba msanga, koma ndi olemera ndi ouma, komanso amafuna mpweya wochulukirapo kuti anyamule katundu yemweyo. Onaninso manambala anayi akumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT pakhoma la tayala, omwe amanena nthawi yomwe linapangidwa, 2323 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2023, musalole kukupatsani lomwe lakhala zaka zambiri m'sitoro. Ndipo mugule asanu osati anayi. Sipeya yaing'ono pa galimoto yokoka ndi matayala onse imapangitsa madifu kugwira ntchito mosalekeza ndipo ABS imasokonezeka poona tayala limodzi likuzungulira mosiyana ndi anzake. Yesaninso ngati sipeyayo ikulowa pamalo pake, ngati imakhala pansi pa galimoto 285 ikhoza kukana, ngati ili pachitseko chakumbuyo kulemera kwake kumatopetsa mahinjesi, chitseko n'kuyamba kugwa.

Koma mukati ayi, ine ma 285 omwewo basi, sindikukanizani, zimatheka, kungoti mutsate ndondomeko. Lifiti ikhalebe 50. Yambani mwapempha kuti akumangireni tayala limodzi lokha pa rimu yomwe mukufuna kugwiritsa ntchito, muliike kutsogolo, mukhotetse mbali zonse ziwiri mpaka kumapeto, chopita kutsogolo ndi chobwerera m'mbuyo, kenako mukwere ndi tayala limenelo pa chitunda kapena rampu mpaka sasipenshoni ifinyike, mutsike muyang'ane ndi tochi. Amakaniko osamala amachita kuchotsa shock ndi sipiring'i n'kukweza mkono ndi jeke mpaka ugunde bump stop, pamenepo ndi pomwe chilungamo chonse chimaonekera. Pafunika mpata woti chala chilowe paliponse, chifukwa tayala likamayenda limapindika, matope amamatirira, ndipo mabushi amasuntha. Offset musaithamangitsire ku 0 ngati yapakati ikukwanira kusiya mkono wam'mwamba. Pa alayinimenti muwapemphe awonjezere caster pogwiritsa ntchito mabawuti a mkono wam'munsi, izi zimakankhira tayala kutsogolo pang'ono kutali ndi body mount. Mabawuti amenewo pa ma Toyota okalamba amakonda kumatirira m'mabushi ndi dzimbiri, nde yesani ngati akuzungulira tsiku la lifiti lisanafike, apo ayi mudzapezeka galimoto yakwera koma alayinimenti yakanika.

Tsiku loika lifitilo, musanamasule bawuti ngakhale limodzi yezani ndi tepi kuchoka pakati pa tayala kufika pa mlomo wa madigadi, matayala onse anayi, mulembe. Osayeza kuchoka pansi chifukwa mpweya ndi sayizi ya tayala zimasokoneza. Mukamaliza muyezenso, ndi pomwe mudziwe kuti yakwera zingati zenizeni komanso ngati siikupendekera mbali imodzi. Sipiring'i yakutsogolo musaifinye ndi tizitsulo tapanyumba, ili ndi mphamvu yothyola nsagwada, ipite kwa omwe ali ndi makina ake. Mabawuti onse odutsa m'mabushi amphira amangidwe komaliza galimoto itaima ndi matayala ake pansi, mukamanga ili m'malere mphira imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo mabushi atsopano amang'ambika m'miyezi yochepa, ichi ndi cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri. Alayinimenti ichitike nthawi yomweyo, ndipo masipiring'i akakhazikika pakatha makilomita mazana angapo mubwerere akaonenso, limodzi ndi mabawuti onse. Ngati yanu ili ndi VSC, ija yothandiza kuti galimoto isaterereke pa kona, afunika kuitcheranso ndi kompyuta galimoto ili pamalo osalala, apo ayi ikhoza kumakugwirirani mabuleki pa kona popanda chifukwa. Magetsi akutsogolo atsitseni, akwera limodzi ndi galimoto ndipo azithobwa anzanu usiku. Manati a matayala muwaonenso mukayenda makilomita 50 mpaka 100, makamaka ngati marimu ndi atsopano.

Malamulo okhudza kukweza galimoto ndi kukula kwa matayala amasiyana dziko ndi dziko, ena amaika malire, ena safuna tayala lotuluka kunja kwa madigadi, nde fufuzani a komwe muli, ndipo a inshuwalansi muwauze polemba kuti mwasintha chakuti ndi chakuti, chifukwa pakachitika ngozi zinthu zomwe simunawauze akhoza kukanira nazo kulipira.

Chomaliza ndi mpweya wa tsiku ndi tsiku, poti kapepala ka pachitseko kanalembedwera tayala lakale lija. Yambirani pa nambala ya pakapepalapo, ngati ndi a LT muwonjezere pang'ono, kenako tengani choko mujambule mzere wokhuthala wopingasa tayala lonse, muyende mamita ochepa pa tala yosalala osakhota, mutsike muone. Choko chikafufutika pakati pokha mpweya wachuluka, chikafufutika m'mbali mokha wachepa, muzisintha pang'onopang'ono matayala ali ozizira mpaka mzere wonse uzifufutika mofanana, ndipo muchite kawiri, galimoto ili yopanda kanthu komanso itasenza katundu yemwe mumapita naye kutchire, manambala awiriwo muwalembe pa kapepala musunge m'galimoto momwemo.